KUKONZANSO M'KATI MWA NYUMBA: COYAMBA NCITI, COTSIRIZA NCITI?

Nkhani iyi inakambidwa kwa amai ndi abambo a m'midzi pa msonkhano wa za ukhondo ndi citukuko ca pakhomo. Yalembedwa pano kuti iwo amene sanafikeko aimvenso.

Nyengo yokolola ikatha, ndipo fodya, mtedza, soya ndi nandolo zikagulitsidwa, mabanja ambiri a m'midzi aganiza zokonzanso nyumba zao. Ici ncabwino ndithu. Koma ndalama za mlimi zidza kamodzi pa caka. Akazimwaza pa zinthu zosayenera kuyamba, adzadikira miyezi 12 kuti akonze colakwaco, ndipo amene abvutika m'miyezi yonseyo ndi mkazi wace ndi ana ace.

Kawirikawiri zicitika motere. Bambo alandira ndalama ku msika, alowa m'sitolo, aona mipando ya sofa yonyezimira, naigula. Pofika nayo kumudzi anthu onse ayamikira. Mvula yoyamba ikagwa m'Novembala, denga lidontha pomwe pali mipandoyo, ciswe cikwera m'miyendo yace kucokera m'dothi la pansi, ndipo pofika Malichi nsalu yace yacita nkhungu. Akale anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cotero nchito ya m'kati mwa nyumba iri ndi mndandanda wace. Coyamba ndi zimene zisunga nyumba kuti ikhale youma. Caciwiri ndi zimene zisunga moyo wa anthu ogonamo. Zokondweretsa maso zidza pa mapeto, ndipo zikadza pa nthawi yace zikhalitsa.

KUYAMBA NKUPANGANA

Mutu umodzi susenza denga. Asanagule ngakhale msomali umodzi, mwamuna ndi mkazi akhale pansi napangane. Mai ndiye adziwa nyumba koposa, pakuti ndiye asesa, azira ndi kuphika. Adziwa ngodya imene icita cinyezi, ndi pamene makoswe alowera. Bambo wosafunsa mkazi wace amanga zenera pamene payenera kabati. Kumene kuli cikamwini, ndipo nyumba iri pa malo a kwao kwa mkazi, nkwabwino kuuzanso mwini mbumba ngati afuna kuonjeza cipinda, kuti pasadzakhale mlandu wa malire.

Nthawi yabwino yoona zolakwika za nyumba ndi ya dzinja. Mvula iri kugwa, munthu atenge khala nalembe pa khoma pali ponse podontha ndi ponyowa, cifukwa pofika cilimwe malo onsewa aiwalika. Pambuyo pace ayese cipinda ciri conse ndi cingwe kapena tepi, ndipo mwana wa sukulu ajambule nyumbayo pa pepala, nasonyeze zitseko ndi mazenera. Pa pepala lina alembe zonse zofunika, ndi mtengo wace atafunsa m'masitolo awiri kapena atatu. Kufafaniza khoma pa pepala sikulira ndalama. Kugumula khoma la njerwa kulira ndalama kawiri, pomanga ndi pogumula pomwe.

DENGA NDI TSINDE LA KHOMA

Mdani wamkulu wa m'kati mwa nyumba ndi madzi. Pamene namondwe wa Freddy anafika m'cigawo ca kumwera m'Malichi 2023, anthu oposa 500,000 anasowa pokhala. Ku Chilobwe mu Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe nyumba zina zinakokoloka ndi matope ndi miyala yocokera m'mapiri, ndipo pa izo mwini nyumba sakanacita kanthu. Koma nyumba zambiri za zidina zinagwa cifukwa madzi anakhala masiku ambiri pa tsinde la khoma mpaka dothi linafewa.

Motero ndalama zoyamba zipite ku denga. Malata obooka asinthidwe, udzu wobvunda ufoleredwenso, ndipo mapaso odyedwa ndi ciswe acotsedwe. Mitengo ya denga imangidwe ku khoma ndi waya wolimba kuti mphepo isasasule. Denga liturukire kunja bwino kuti madzi agwere kutali ndi khoma. Kuzungulira nyumba yonse pakhale ciguwa cokwera, ndi ngalande yotenga madzi kunka nao kumunsi. Zimenezi zisanathe, kupaka penti m'kati nkutaya ndalama cabe.

KUGAWA ZIPINDA

Denga litatha, banja liwerenge anthu ogona m'nyumbamo, osati a lero okha koma ndi a zaka 5 zirinkudza. Mwana wa zaka 8 lero adzakhala namwali posacedwa. Kale anyamata anali kugona ku mphala kapena m'gowelo, ndi atsikana ku kuka kwa agogo ao. Masiku ano makolo ambiri afuna ana ao agone m'nyumba yaikulu kuti awerenge madzulo ndi kuti aziwaona. Ngati nkutero, anyamata akhale ndi cipinda cao, atsikana cao, ndipo citseko ca makolo cisayang'ane pabalaza pokhala alendo. Ulemu wa pa banja usungika ndi makoma oikidwa pa malo oyenera.

Asanamange khoma logawa cipinda, alembe pansi ndi phulusa pamene lidzadutsa, nalembenso malo a bedi. Bedi la anthu awiri litenga pafupi masentimita 140 m'mimba ndi 190 m'litali. M'mbali mwace musiyidwe mpata wa masentimita 60, kuti munthu athe kudutsa ndi kupisa masikito pansi pa matiresi. Akaona kuti citseko cidzagunda bedi potsegula, asunthe mzera wa phulusawo nthawi ikalipo.

Pali cenjezo limodzi pano. Makoma ena asenza denga. Munthu asagumule khoma kapena kuboola khomo latsopano asanafunse mmisiri womanga, ndipo pamwamba pa khomo kapena zenera latsopano paikidwe lintala kapena mtanda wolimba wosenza njerwa za pamwamba.

MAZENERA, MPWEYA NDI UDZUDZU

Nyumba zambiri za m'midzi ziri ndi mazenera ang'ono, ndipo ena atsekedwa ndi njerwa poopa akuba. Cipinda ca mdima cisunga cinyezi ndi pfungo, ndipo cifuwa cacikulu cifala msanga pamene anthu ambiri apuma mpweya umodzi wosasinthika. Lamulo la amisiri nlakuti zenera likhale gawo limodzi la magawo 10 a kukula kwa pansi. Cipinda ca mamita 3 uku ndi mamita 3 uku cifuna zenera la pafupi mita imodzi m'mwamba ndi masentimita 90 m'mimba. Woopa akuba aike zitsulo pa zenera, koma asalitseke.

Mpweya ufuna polowera ndi poturukira. Mazenera awiri openyana, kapena zenera lopenyana ndi citseko, aziziritsa nyumba koposa zenera limodzi lalikulu. Zenera lalikulu la kumadzulo lilowetsa dzuwa la masana, ndipo m'Okutobala cipindaco cikhala ngati ng'anjo kufikira usiku. Mazenera akulu akhale ca kumpoto kapena kumwera, ndipo a kumwera akhale otsekeka bwino cifukwa ca mphepo ya mwera ya m'Juni ndi Julayi.

Udzudzu wopatsa malungo uluma makamaka usiku, ndipo khomo lace lalikulu ndi mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Ku Gambia madokotala anayesa kuchinga nyumba za anthu: zina anaika waya wa timaso ting'onoting'ono pa mazenera ndi zitseko natseka mipata ya pamwamba, zina anaika siling'i wa ukonde. Zimene anapeza zinafalitsidwa m'caka ca 2009. Udzudzu wolowa m'nyumbazo unacepa pafupi ndi theka, ndipo ana ocepa magazi anali owerengeka kuposa a m'nyumba zosachinga. Kutseka mpata umenewu kulira zidina zocepa ndi dothi basi. Koma wotseka pamwamba aonjeze mazenera okhala ndi waya, kuti nyumba isasanduke mphika wobvundikira.

Nyumba ya malata itentha masana ndi kuzizira usiku. Siling'i ndiye mankhwala ace, ndipo safunika kukhala wa ku sitolo. Bango loluka ngati mphasa, kapena nsungwi zong'amba, zigwira nchito yomweyo. Poika siling'i akhomeretu tizitsulo tokolowekapo masikito pamwamba pa malo onse ogona, ngakhale pabalaza pamene ana ndi alendo ayala mphasa. Waya wa pa zenera acepetsa udzudzu, koma salowa m'malo mwa masikito.

PANSI PA NYUMBA

Mwana wokwawa akhala pansi tsiku lonse, ndipo ciri conse cimene atola apita naco kukamwa. M'pfumbi la pansi mubisala mazira a njoka za m'mimba, utitiri ndi matekenya. M'caka ca 2000 boma la cigawo ca Coahuila ku Mexico linayamba kupatsa mabanja osauka simenti yoika pansi m'nyumba zao. Atafufuza pambuyo pace anapeza kuti ana a m'nyumbazo anali kudwala pang'ono njoka za m'mimba, kutsegula m'mimba ndi kucepa magazi. Pa zinthu zonse za m'kati mwa nyumba, simenti ya pansi ndiyo ibweza ndalama zace msanga.

Kacitidwe kace nkotere. Dothi lofewa la pamwamba licotsedwe. Athiremo zibenthu za njerwa kapena miyala, nasinje kolimba, kuti pansi pa nyumba pakwere masentimita 15 kapena kuposa pamwamba pa bwalo. Ayale pepala la pulasitiki loletsa cinyezi kukwera. Pamwamba pace athire konkire wa muyeso umodzi wa simenti, 3 ya mcenga ndi 6 ya miyala yophwanya, wocindikala masentimita 7 kapena 8. Potsiriza asalaze ndi muyeso umodzi wa simenti ndi 3 ya mcenga wosefa. Cipinda ca mamita 3 uku ndi uku cidya pafupi matumba 5 a makilogalamu 50. Pansipo patsetserekere pang'ono ku khomo kuti madzi okolopera aturuke okha. Atatha, athirepo madzi m'mawa ndi madzulo masiku 7, nabvundikire ndi masaka onyowa. Simenti youma msanga ing'ambika ndi kufumbutuka.

Amene ndalama sizikwana nyumba yonse ayambe ndi cipinda ca ana, osati pabalaza. Alendo akhala ola limodzi, ana agona usiku uli wonse. Zipinda zotsala azizire kawirikawiri ndi kutseka ming'alu yonse. Nyumba yozira bwino iposa nyumba ya simenti yosasesa.

MAKOMA NDI MAONEKEDWE AO

M'ming'alu ya khoma ndimo mukhala nsikidzi ndi mphembvu, cotero khoma limatidwe losalala. Khoma la njerwa zootcha lifuna pulasitala wa simenti ndi mcenga. Pa khoma la zidina pulasitala wa simenti kawirikawiri sagwira, amatuka ndi kugwa. Pamenepo dothi losakaniza ndi mcenga ligwira bwino koposa. Banja loganiza za magetsi a ESCOM kapena a sola liitane mmisiri wa magetsi wokhala ndi cilolezo kuti aike mapaipi a waya pulasitala asanamatidwe. Wocedwa aswa khoma lomatamata.

Pulasitala watsopano aume pafupi masabata 4 asanapakidwe penti. Copaka cochipa ndiponso coyenera nyumba ya kumudzi ndi njereza, imene ena ati laimu, yonga imene iotchedwa ku Balaka ndi ku Lirangwe. Njereza ilola khoma kuturutsa cinyezi, pamene penti wa mafuta atsekera cinyezico m'kati mpaka afufuma ndi kusupuka. Aipake yamadzimadzi kawiri kapena katatu, osati yolimba kamodzi, ndipo wopaka asamale maso ndi manja pakuti iotcha. Khoma loyera libweza kuwala. Nyale imodzi ya sola m'cipinda coyera ikwanira ana kuwerengera, koma m'cipinda ca makoma akuda kuwala kwace kumira.

Kumunsi kwa khoma, kumene ana agwira ndi manja, kungapakidwe mtundu wina wosaonetsa litsiro, kufikira mita imodzi kucokera pansi. Amai a m'midzi adziwa kale kumene kupezeka dothi lofiira, lakuda ndi loyera lokongoletsera makoma, ndipo luso limeneli lisatayidwe cifukwa ca penti wa m'citini. Mitundu iwiri m'cipinda cimodzi ikwana. Ikaculuka, cipinda cioneka copanikiza.

Wogula penti wa mafuta acenjere. Penti wina, makamaka wofiira ndi wacikasu, akhala ndi mtobvu, ndipo mtobvu uononga ubongo wa mwana kosabwezeka. Ayang'ane cizindikiro ca Malawi Bureau of Standards pa citini, nafunse penti wopanda mtobvu. Popala penti wakale pa zitseko ndi mazenera anyowetse poyamba kuti pasabuke pfumbi, ndipo ana ndi mai wapakati akhale kutali. Kumene anthu a zaumoyo apopera mankhwala a udzudzu m'makoma, kupaka kucitike iwo asanafike. Kupaka kapena kumata pambuyo pace kukwirira mankhwalawo.

KHICHINI NDI MOTO

Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linawerengera kuti m'caka ca 2020 anthu pafupi 3,200,000 anafa ndi matenda odza ndi utsi wa m'nyumba. Amene aupuma koposa ndi mai wophika ndi mwana wa kumbuyo kwace. Mwaye umene uoneka ku denga la khichini ndi womwewo ulowa m'cifuwa, ndipo cibayo ca ana cikula nao.

Khichini ikhale payokha, ndi zenera ndiponso mpata pamwamba woturutsa utsi. Mbaula ya dothi, monga ija dzina lace Chitetezo imene magulu a amai aumba m'maboma ambiri, idya nkhuni zocepa kuposa mafuwa atatu, ndipo mwana sagwera pa moto msanga. M'khichini mukhale shelefu yoikapo ziwiya, ndi cokwezapo mtsuko wa madzi akumwa wobvundikira. Panja pakhale thandala loumikapo mbale.

Mbaula ya makala isalowe konse m'cipinda cogona. Makala oyaka aturutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha. M'miyezi yozizira anthu atseka zitseko ndi mazenera, naotha makala, nagona, ndipo ena sadzukanso. Palibe cisanu coyenera mtengo wotere.

CIMANGA NDI MANKHWALA

Poopa akuba, mabanja ambiri aleka nkhokwe nasunga cimanga m'matumba m'nyumba. Ngati nkutero, pogawa zipinda pakhale kacipinda ka zokolola, kouma, ka citseko cace. Matumba akhale pa matabwa okwera, osagunda khoma, kuti mpweya upite ndi kuti makoswe aoneke. Fetereza ndi mankhwala a mbeu asakhale pamodzi ndi cakudya, ndiponso asakhale mogona anthu. Mapiritsi aja oika m'matumba kupha anankafumbwe aturutsa mpweya wa poizoni umene upyola makoma a m'kati, ndipo wapha anthu ali m'tulo. Asagwiritsidwe nchito m'nyumba yogonamo anthu. Matumba osalowa mpweya, onga a PICS, apha anankafumbwe popanda mankhwala.

Pakhalenso shelefu ya pamwamba kapena kabati wa loko wosungamo mankhwala a ku cipatala ndi parafini. Parafini wothira m'botolo la zakumwa wanyenga ana ambiri.

TSOPANO MIPANDO NDI ZOKONGOLETSA

Denga litauma, pansi patalimba ndi makoma atayera, nthawi ya mipando yafika. Asanagule, ayese kukula kwa khomo ndi kwa pabalaza. Mipando yambiri yagona panja cifukwa yakana kulowa pa citseko. Cipinda cacing'ono cifuna zinthu zocepa: tebulo limodzi lodyerapo ndi kulemberapo ana a sukulu, mipando ya ndalema kapena ya nsungwi yopepuka kuturutsa posesa, ndi benci lokhala m'mbali mwa khoma. Kalipentala wa m'mudzi apanga cinthu molingana ndi malo ace, ndipo cikathyoka ali pafupi. Matabwa akhale ouma, pakuti aawisi apindika.

Mipando ya miyendo yaitali ilola tsache kulowa pansi pace. Zobvala zikhale m'kabati kapena m'bokosi, cifukwa zopacika pa cingwe m'ngodya ya mdima ndizo pobisala udzudzu masana. Makatani angasokedwe ndi citenje, ndipo akhale aafupi ndi osabvuta kucapa. Mkeka woluka bwino, dengu lokongola, kalendala, cithunzi ca ukwati kapena ca mwana wotsiriza sukulu, zikwana kukometsa pabalaza. Khoma lisadzaze ndi mapepala omata, pakuti kuseri kwace ndi mudzi wa nsikidzi.

KUGAWA NCHITO PA ZAKA

Si banja liri lonse lingathe zonsezi caka cimodzi, ndipo palibe manyazi pamenepo. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Caka coyamba cikhale ca denga, ngalande ndi kutseka mipata ya udzudzu. Caciwiri ca mazenera, khichini ndi simenti ya m'cipinda ca ana. Cacitatu ca pulasitala, njereza ndi siling'i. Cacinai ca mipando. Nchito yomanga icitike pakati pa Juni ndi Okutobala, mvula isanayambe.

Pogula, ayambe ndi zosaonongeka posunga: malata, misomali, mafelemu a zitseko ndi mazenera. Simenti igulidwe mmisiri atatsala pang'ono kuyamba, cifukwa ikakhala miyezi yoposa 3, kapena ikagona pa cinyezi, icepa mphamvu ndi kuundana. Mcenga, miyala, bango ndi madzi banja litute lokha. Pa ndalama zonse apatule gawo limodzi la magawo 10 la zodzidzimutsa, pakuti nyumba yakale ikatsegulidwa ionetsa matenda amene anabisika. Ndipo ndalama za fetereza ndi za sukulu zisakhudzidwe. Nyumba yokongola yopanda cimanga isanduka ya maliro.

Pangano ndi mmisiri lilembedwe pa pepala pamaso pa mboni: nchito yace, mtengo wace ndi tsiku lotsiriza. Malipiro aperekedwe m'zigawo monga nchito iri kupita, osati onse poyamba. Asanamlembe, mwini nyumba akaone nyumba ina imene mmisiriyo anakonza zaka ziwiri zapitazo, nafunse eni ace ngati pansi panang'ambika.

Amene afuna thandizo afunse mlangizi wa zaumoyo kapena wa citukuko wa m'dera lao. Nyumba yokonzedwa bwino idziwika m'Febuluwale, mvula iri pakati: zofunda nzouma, mwana akwawa pansi posalala, ndipo banja ligona kufikira m'mawa popanda kusuntha mphasa kuthawa madontho.